Windo Lachinayi la Sitima Yankhondo

Amene anabwera ku chionetsero cha kusukulu kwathu mwezi wa Juni amanena kuti zonse zinayenda bwino. Ine sindiwatsutsa. Koma ngati munaona mtsikana ataima chilili pakhoma, thukuta lili kamukamu pamene ena onse anali atavala majuzi awiriawiri ndi chisanu cha kuno ku Lichinga, dziwani kuti anali ine, ndipo sanali malungo. Nkhaniyi ndaisunga miyezi itatu. Lero ndiulule, mwina wina angapulumukirepo.

Ndili mu desima, kalasi ya khumi, ndipo kwathu ku Lulimile kulibe kompyuta. Foni ilipo imodzi, ya amayi, yamabatani. Choncho tsiku limene Pulofesola Benedita, aphunzitsi athu a makompyuta, anationetsa kajambulidwe kotchedwa vetoro, ine ndinachita ngati ndalodzedwa. Chithunzi cha pafoni chimapangidwa ndi timadontho, ndipo ukachikulitsa kwambiri chimasanduka phala, nkhope osadziwikanso. Vetoro si choncho. Umaika mfundo apa, ina apo, kompyuta n'kuzilumikiza ndi mzere, iwe n'kumaupinda mzerewo mmene ukufunira. Chithunzi chotere ungachichepetse ngati chikhadabo kapena kuchikulitsa ngati khoma la nyumba, mzere uliwonse umakhalabe wakuthwa. Pulofesola ananena zimenezi katatu. Ine ndinazilemba m'kope n'kudula mzere wofiira kunsi kwake. (Pa mayeso funsoli ndinakhoza. Kukhoza mayeso ndi kumvetsa si zapachibale.)

Ife timaphunzira m'mawa. Masana chipinda cha makompyuta chimakhala chokhoma, ndipo kiyi amakhala mu ofesi ya a Diretolo, akulu a sukulu yathu. Pulofesola Benedita ndi amene anakandipemphera kuti ndizilowamo ndekha. A Diretolo athu ndi bambo wamtali, wa ku Lione, magalasi awo anamangidwa ndi ulusi wakuda mbali ya kumanzere, ndipo tayi yawo yobiriwira ya madontho oyera sitinaionepo itapuma ngakhale tsiku limodzi. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, kiyi ali m'mwamba.

"Menina, mtsikana iwe, kiyi uyu ndi wa boma. Ukalakwitsa kamodzi kokha, kaya pang'ono bwanji, uzidzamuonera patali."

"Inde, Sinyo Diretolo."

Popanda kiyi ameneyo, masana anga ndi a pamsika, kuyeza nyemba ndi mbatata za amayi m'tizitini. Ntchitoyo sindiinyoza, ndiyo imatidyetsa. Koma ine ndikufuna kudzakhala wojambula, ndipo m'tauni yonse ino kompyuta imene ndingaikhudze ili kuseri kwa chitseko chimenecho.

Za sitima zinabwera ndi mnzanga Zainabo. Iye kwawo ndi ku Meponda, kuno amakhala kwa azakhali ake. Agogo ake aamuna, Che Mbwana, ali mnyamata anatengedwa kukagwira ntchito pa sitima yankhondo ya atsamunda ku Metangula. ("Kusenda mbatata ndi kupala dzimbiri, osati kuwombera anthu," amatero nthawi zonse, ngakhale usanawafunse.) Anasunga chithunzi chimodzi cha sitimayo, chofiirira ndi ukalamba, chodyedwa ndi mphemvu pangodya. Zainabo anachijambula pafoni yake n'kubwera nacho. Pulofesola atachiona anati, "Chionetsero cha chaka chino n'cha mbiri ya nyanja yathu. Ungaijambule imeneyi?" Ndinavomera asanamalize kufunsa.

Ndinagwira miyezi iwiri. Mfuti yakutsogolo ndi chishango chake, mlongoti, zingwe, nangula, misomali yolumikizira zitsulo umodziumodzi mpaka maso kuwawa. Pamene chithunzi chinkakana kuonetsa bwino, tinkaimbira Che Mbwana. Iwo pafoni amakuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa nyanja.

"Mawindo ozungulira aja wajambula angati?"

"Asanu ndi limodzi, agogo."

"Wallahi wanama! Asanu ndi awiri. Ndinkawapukuta ine m'mawa uliwonse. Lomaliza labisika ndi chitsiru chaima kutsogolocho."

Ndinawonjezera lachisanu ndi chiwiri, ndikunyada kuti sitima yanga ilibe bodza.

Apa ndibwerere m'mbuyo pang'ono, apo ayi simumvetsa tchimo langa. Chaka chatha kalasi yathu inapita ku Meponda pa ulendo wa maphunziro. A Diretolo ananena kuti mtsogoleri amayamba ndiye, n'kukwera boti la Che Mbwana atavala tayi, ife khumi tikutsatira. Mwera unali utangoyamba kuomba. Sitinapite kutali. Tinangoona mtsogoleri wathu wagwada pansi pa boti, wakumbatira ndowa yokapira madzi ngati mwana wobadwa kumene, akukuwa, "Bwezani, bambo, bwezani, ndili ndi ana!" Titafika pamchenga anatisonkhanitsa, nkhope idakali yotuwa, n'kunena kuti amene adzamveke akutchula mawu akuti ndowa adzakaitana makolo ake. Tinasunga chinsinsi. Tinkangoti tikakumana ndi ndowa ya osesa m'khonde, aliyense n'kuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

Tsopano tsiku lina Lachitatu ndinkajambula unyolo wa nangula. Unyolo ndi ntchito yosowetsa mtendere. Mphete iliyonse imalowa mu inzake, ina pamwamba ina pansi, ndipo ukasokoneza imodzi zonse zimaoneka ngati matumbo a nkhuku. Ndinakhala pamenepo maola awiri, ndipo chifukwa cha kukoma kwa ntchito sindinakumbuke kuisunga mu kompyuta. A Diretolo ali ndi chizolowezi chawo. Nthawi yotsekera ikakwana sagogoda, safunsa, amangopita pa swichi yaikulu n'kuzimitsa magetsi a nyumba yonse. Sikirini inangoti phethi. Unyolo wanga wonse unapita kumene kumapita utsi.

Ndinathamangira panja. "Sinyo Diretolo, ntchito yanga..."

"Magetsi si a bambo ako, menina. Mawa kucha."

Kunachadi. Ndinajambulanso unyolo uja, mtima uli phuphuphu. Nditamaliza, m'malo mopita kwathu ngati mwana wa munthu, ndinayandikitsa windo lachinayi, ndinaliyandikitsanso, mpaka linadzaza sikirini yonse ngati mwezi. Ndinayamba ndi magalasi. Ndinaika ulusi wakuda mbali ya kumanzere. Kenako tayi yobiriwira, madontho ake onse m'malo mwake. Masaya otupa, maso ofiira, ndowa itakumbatiridwa pachifuwa. Ndikunena zoona, chibadwire sindinajambulepo chinthu mwaluso chotero. Mkwiyo uli ndi dzanja labwino.

Zainabo ataona anaseka mpaka kutsetsereka pampando.

"Mana, m'bale wanga, fufuta! Udzatiphetsa!"

"Taona kaye," ndinatero, n'kubweza chithunzi kuti sitima yonse ioneke. Windo lija linachepa ngati kanyemba, a Diretolo n'kusanduka kachitsotso konga ka ntchentche. "Pulofesola anati asindikiza papepala lalikulu pang'ono kuposa la m'kope. Angaone ndani? Komanso ndifufuta mawa."

Mawa limenelo linatenga milungu itatu osafika. Ndikatopa ndi misomali ndinkayandikitsa windo lachinayi, kuseka pang'ono, mphamvu n'kubwerera.

Chionetsero chinali Lachisanu. Lachinayi masana Pulofesola Benedita anakumana nane m'khonde, nkhope ikuwala.

"Ndili ndi uthenga wabwino. A Diretolo aiona sitima yako pa kompyuta yanga, aikonda kwambiri. Kukubwera alendo a ku ofesi ya maphunziro, ndiye akuti pepala n'lochititsa manyazi. Alamula kuti isindikizidwe palona la mamita asanu."

"Mamita angati, Pulofesola?"

"Asanu! Ndinakopera pafulashi Lachiwiri, ili kale ku girafika kosindikizira. Usadandaule, mwanawe, si vetoro? Palibe chimene chiphwanyike."

Mawu aja ndinawadula mzere wofiira anandibwerera onse nthawi imodzi. Palibe chimene chiphwanyike. Ndinati zikomo, ndipo ndikuganiza kuti ndinamwetuliranso. Atangokhota ndinayamba liwiro.

Girafika yake ili kuseri kwa msika, kanyumba kodzaza fungo la inki. Mwini wake, Tiyu Saidi (tiyu ndi amalume), anali atayala lona lija pansi kuti liume. Mayo ine, sitima yanga! Inali yokongola moti kwa kanthawi ndinaiwala chimene ndinathamangira. Misomali yonse inkaoneka, unyolo ngati ungaugwire n'kuukoka. Kenako maso anga anatsika pa mawindo. Lachinayi linali lalikulu ngati pakamwa pa kapu ya tiyi, ndipo m'katimo a Diretolo ankandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Wajambula ndiwe? Mashallah!" anatero Tiyu Saidi. "Anthu amandibweretsera zithunzi za pafoni, mkwati kutuluka ngati chiwanda, n'kumati makina anga ndi oipa. Koma ichi! Taona, mpaka madontho a tayi." Analoza ndi chala chakuphazi. Kenako anawerama. "Koma bamboyu... ngati ndi amene anabwera kudzaitanitsa lonali."

"Ayi, tiyu. Ndi msilikali wakale."

"Asilikali akale ankamenya nkhondo atavala tayi?"

Ndinagwada pasimenti pomwepo. Ndinawapempha kuti asindikize lina, ine ndithamange ndikafufute. Anapukusa mutu. Anati kubwereza ntchito ya sukulu kumafuna chikalata chosainidwa ndi a Diretolo.

"Ndiwaimbire?" anafunsa, foni ili kale m'manja.

"Ayi, tiyu, chonde!"

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatola pansi kachidutswa ka lona kamene anayeserapo mtundu wotuwa wa sitima, n'kundiponyera. "Tenga. Ine sindinakuone, ndipo maso anga ndi okalamba."

Lachisanu m'mawa kunali nkhungu yoti mitengo ya paini ya kuseri kwa sukulu sinkaoneka. Alonda ndi aphunzitsi awiri anapachika lona pakhoma la holo. A Diretolo analiyang'ana ali pakhomo, anagwedeza mutu mokhutira, n'kupita kukakalipira onyamula mipando. Windo lachinayi linagwera pa msinkhu wa phewa langa. Ndinakaima pomwepo, msana utagunda khoma, ngati ndine msomali wina wogwirizira lona.

"Suntha, ukubisa sitima," anatero Pulofesola Benedita akudutsa ndi maluwa.

Ndinasuntha chikhatho chimodzi. Atadutsa ndinabwerera. Mudzafunsa kuti bwanji sindinawaululire. Ndinaganiza, kawiri konse. Koma ndi iwo amene anandiikira kumbuyo kwa a Diretolo, ndipo sindinapeze polowera kuwauza kuti mwana wawo wodalirika wakhala akuchita chiyani ndi magetsi a boma. (Mwachidule, ndinachita mantha.)

Zainabo anadula kachidutswa kaja ndi lezala, mozungulira bwino. Tinapaka kola ya mapepala, ine nditatchinga ndi thupi, iye n'kumata. Kanakhala pang'ono, kenako kanagwera pa nsapato yanga. Tinapakanso. Kanagwanso. Lona ndi loterera, ndipo ndi chisanu chija kola inkangouma osagwira.

"Dikira," anatero Zainabo. Anatulutsa chingamu zinayi m'thumba la bulauzi, n'kuziponya zonse m'kamwa. Anatafuna ngati mbuzi yothamangitsidwa, misozi ikulengeza chifukwa zinali zija zoyaka. "Ndikamwalira uuze agogo kuti ndinafera mnzanga wopanda nzeru."

Chingamu chinagwira. Mtundu unafanana ndendende. Ukaima mapazi awiri kutali, pamalopo pankangooneka chitsulo cha sitima. Ndinapuma mpweya umene ndinausunga kuyambira dzulo lake. Ndinayamba ngakhale kusuzumira mbale za makeke a alendo.

Alendo anafika atatu, wotsogolera ali mayi wina wovala kapulana, chitenje chokongola, ndi jekete lakuda. A Diretolo anali pambali pawo, tayi yobiriwira ili pamalo pake. Kumbuyo kwawo kunali munthu amene ndinamuiwaliratu m'mavuto anga onse: Che Mbwana, mlendo wolemekezeka, atabwera pa shapa, minibasi ya m'mawa, kuchokera ku Meponda, atavala mkanjo woyera ndi kofia, jekete pamwamba, akudandaula kuti anthu a kumtunda amakhala bwanji m'dziko lozizira ngati m'filiji ya nsomba.

Atafika pa lona anasiya kudandaula. Kenako anatambasula dzanja n'kukhudza mfuti ija pang'onopang'ono.

"Ndi iyeyu," anatero motsitsa mawu. "Apa tinkayanika zovala. Apa ndi pamene ndinamenyedwa khofi chifukwa chotaya tiyi wa mkulu wa sitima. Ndinali wamng'ono kuposa ana awa."

Ndinaganiza kuti miyezi iwiri ija sinapite pachabe, ndipo ndinayamba kumuthokoza Mulungu. Ndinafulumira.

Che Mbwana anakweza ndodo yawo n'kuyamba kugogoda mawindo. "Limodzi. Awiri. Atatu." Ndodo inadumpha pamalo paja. "Anayi. Asanu. Asanu ndi limodzi." Anaima. Anayambiranso kuchokera kumbuyo. Asanu ndi limodzi.

"Mwanawe," anandicheukira, "ine ndi iwe tinagwirizana chiyani pafoni?"

"Agogo, ndi... ndi mmene makina asindikizira."

Zainabo anawagwira mkono, akulankhula Chiyao mofulumira. "Anganga, tiyeni mukakhale pansi, tiyi akuzizira."

"Tiyi adikire. Apa pali mpata." Anagogoda ndi ndodo pa chingamu penipeni. "Apa panali windo la kukhitchini kwanga. Makoko a mbatata ndinkatayira pomwepa. Mwandichotsera windo langa lomwe, mwa mawindo onsewa?"

Anayandikira, anatsinzina diso limodzi, n'kukanda ndi chikhadabo. Kachidutswa kaja kanamatuka, kakukoka ulusi wa chingamu wautali ngati wa kangaude, n'kutsala kakulendewera.

A Diretolo anawerama kuti aone bwino, n'kukonza magalasi awo, chala chili pa ulusi wakuda womwewo. Mayi wa ku ofesi uja anayang'ana windo, anayang'ana tayi ya a Diretolo, anayang'ananso windo. Kumbuyo kwa holo mnyamata wina wa m'kalasi mwathu anatulutsa kamawu ngati tayala lobooka. Pulofesola Benedita anagwira pakamwa. Ine ndinkaona kale tizitini ta nyemba titandandalikidwa kutsogolo kwanga mpaka ukalamba.

Che Mbwana anamuyang'ana munthu wa m'windo uja. Ndowa imeneyo inali yawo, boti linali lawo, ndipo tsiku lija anali pachiwongolero ndi iwo. Anatembenuka kuyang'ana a Diretolo. Kenako anandiyang'ana ine, nthawi yaitali, ndevu zikunjenjemera. Mwadzidzidzi anaomba m'manja.

"Subhanallah! Mpaka uyu wamuikamo!"

"Ndani ameneyu, bambo?" anafunsa mayi uja.

"Uyu? Kalaliki wa sitima, mayi. Ankalemba za katundu. Munthu wophunzira kwambiri, wa kumtunda kuno. Koma iye ndi madzi chinali chidani cha makolo. Mwera ukangoti fuu, iye ndowa. Tayi sankavula, ngakhale pogona." Anapukusa mutu ngati akukumbukira wakufa. "Koma ndinene chilungamo, sanali wamantha. Ankadziwa kuti adwala, koma pokwera ankayamba ndi iye."

"Nanga munamuphimbiranji?" Mayi uja ankafunsa ine.

"Ulemu, mayi," anayankha Che Mbwana. "Mwanayu analeredwa. Munthu wamkulu akamabweza chakudya saonetsedwa kwa alendo."

Mayi uja anasangalala kwambiri. Anati imeneyi ndiye mbiri yamoyo, yosangonena za mfuti ndi zitsulo koma za anthu wamba amene anavutika m'sitimamo. Anauza mnzake kuti ajambule windolo pafupi. Kenako anaseka n'kuti, "Komatu Sinyo Diretolo, akufananako nanu pang'ono!"

A Diretolo anaseka. Kuseka kwake kunamveka ngati chitseko cha dzimbiri. "Anthu ophunzira timafanana, mayi."

Gulu litasunthira ku tebulo la zoumba, Che Mbwana anatsalira pang'ono, akupukuta chingamu ku chikhadabo ndi mpango. Anawerama pa khutu langa.

"Makutu wawachepetsa," ananong'ona. "Ndipo usadzayambirenso. Ine ndakalamba, mabodza anga atsala ochepa."

Loweruka ndi Lamlungu chakudya sichinkatsika. Amayi anandigwira pachipumi kangapo. Lolemba, phunziro loyamba lisanathe, anabwera kudzandiitana ku ofesi.

Kiyi anali patebulo, pakati pa ine ndi a Diretolo. Anandilankhula m'Chinyanja, ndipo kusukulu kwathu aliyense amadziwa kuti a Diretolo akasiya Chipwitikizi ndiye kuti nkhani yafika pa fupa.

"Kalaliki wa sitima," anatero.

Ndinayang'ana pansi.

"Wa magalasi omanga ndi ulusi. Mbali ya kumanzere."

Pamenepo ndinagwetsa misozi, ndipo zonse zinatuluka mosakanizika: unyolo, maola awiri, swichi yaikulu, kanyemba, mawa limene silinafike, chingamu. Dzina la Zainabo lokha ndi limene ndinalimeza. Ndinati ndalakwa, ndipo Pulofesola Benedita sankadziwa kanthu.

"Maola awiri," anatero a Diretolo. "Osasunga?"

"Osasunga."

"Ndiye wolakwa anali ine?"

"Ayi, Sinyo Diretolo."

"Ndinakuuza kuti kangati?"

"Kamodzi kokha."

Anatola kiyi uja, anamutembenuzatembenuza m'manja. Ndinamutsanzika mumtima. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa kalata.

"A ku ofesi alemba. Lona lija akulifuna ku chionetsero cha chigawo chonse. Ndi kalaliki wake yemwe, osaphimba. Akufunanso kuti mwana yemweyo ajambule sitima yachiwiri, ya nthunzi, ya kale kwambiri." Anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Tsono ndikakulanda kiyi, adzandifunsa chifukwa. Undithandize, menina, poti ndiwe wanzeru. Ndikawauze kuti chiyani?"

Ngakhale ine ndinadziwa kuti funso limeneli si loyankha.

Anandiuza chilango changa chimodzichimodzi. Milungu iwiri kiyi ndisamukhudze. Teremu yonse ndizisesa ndi kukolopa chipinda cha makompyuta. Ndikapepese kwa Pulofesola Benedita ndi pakamwa panga. Ndipo chithunzi chilichonse, chisanatuluke m'chipindamo, iwo eni azidzakhala pambali panga n'kuchiyandikitsa ngodya ndi ngodya. Nditafika pachitseko anandiitananso.

"Kuyambira lero ndizigogoda kawiri ndisanazimitse. Ukapanda kusunga, zako zimenezo."

Ndinatuluka ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi, moti osesa anandifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta. Kupepesa kwa Pulofesola ndiko kunawawa kuposa zonse, chifukwa sanakalipe. Anangoti, "Ndinakuphunzitsa katatu." Milungu iwiri ija ndinaithera pamsika. Amayi anati sanaonepo munthu akuyeza nyemba akuimba.

Pano kiyi ndinabwezeredwa, ndipo sitima ya nthunzi yafika pa chumuni. Ndimasunga ntchito pafupipafupi moti chala chimangopita chokha. Lachisanu lililonse a Diretolo amabwera, amakoka mpando, n'kunena kuti, "Yandikitsa." Timayenda windo ndi windo, kuseri kwa chumuni, pansi pa boti lopulumukira. Samapeza kanthu, chifukwa mulibe kanthu. Anthu akandifunsa chimene ndinaphunzirapo ndimati kulemekeza akuluakulu, ndipo ndimanena ndi mtima wonse.

Koma sabata yatha, titamaliza kuyendera, a Diretolo anapitiriza kuyang'ana sikirini.

"Sitimayi ndi yabwino," anatero. "Koma ili ngati ya mizukwa. Mulibe munthu ndi mmodzi yemwe. Ikamo woyendetsa. Wongopeka, wamva? Munthu amene sanakhaleko."

Ndinati inde, Sinyo Diretolo, ndipo ndikuyesetsa. Ndajambula kale chipewa, ndevu ndi mapewa, zonse zongopeka. Chatsala ndi mphuno. Ndafufuta kasanu, ndipo kasanu konse yatuluka mphuno imodzimodzi. Inu simunaione mphuno ya aphunzitsi athu a masamu akamayang'ana cham'mbali.